Mpata wa Wilibala

Lolemba, 4 Ogasiti

Ntchito yapezeka. Mpanda wa njerwa kuzungulira puloti ya kumapeto kwa msewu wathu uno. Eni ake ndi a Nesi, mayi wa ana awiri, bambo kulibe. Abwera okha m'mawa kudzandifuna, akuti aliyense amene amufunsa za mmisiri akuloza pakhomo panga. Ndisaname, ndanyadira. Mpeni wanga womangira unali utayamba kale dzimbiri.

Koma puloti yake ndi ija. Ya kanjira.

A Kapitawo, akazi anga omwe, amadutsa pamenepo m'mawa ndi madzulo kupita kwa achemwali awo. Alamu chidwalireni sitiroko chaka chatha sadzuka okha. Kuwasambitsa, kuwatembenuza, kuwamwetsa phala, zonse ndi a Kapitawo. Podzera pa kanjira, phala limafika likadali lotentha. Kakatsekedwa, msewu wathu ulibe kwina kotulukira. Ndiye kuti kubwerera mpaka kumsewu waukulu, minibasi mpaka kudepoti, kenako ina yolowera tsidya linalo. Ndi bondo lawo lodwala lija.

Ndavomera. Ndikanakana a Nesi akanapeza wina, wotseka tsiku lomwelo osacheuka n'komwe. Ndi zimene ndikudziuza.

Kunyumba ndangoti mpanda, konkuno pafupi. Iwo ati Mulungu ndi wabwino, n'kundiwonjezera shuga mu tiyi.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Nzeru zangazi abale. Kubisira nkhani munthu wodutsa pamalo pomwepo m'mawa ndi madzulo!

Andipeza nditakoka chingwe kudula kanjira pakati, zikhomo ndakhoma kale. Iwo dengu m'manja, mpango wobiriwira uja kumutu. Ayang'ana chingwe, ayang'ana ine. Ine maso pa zikhomo ngati sindinazionepo. Anyamula mwendo, wodwala womwewo, n'kudumpha. Ali tsidya lija ati, "Chingwe chanu chapendama, a Simenti." Basi, ulendo.

Sichinapendame. Ndayezanso atapita.

Madzulo. Mbale kuikidwa patebulo mwaulemu woopsa. Nkhani ndayamba ndine. Ndafotokoza za mpata wa wilibala: mmisiri aliyense pomanga mpanda amasiya mpata umodzi wodutsitsira madzi ndi mchenga, ndipo umenewo amautseka pomaliza penipeni. Wanga ndiusiya kukhoma lakumbuyo, pa kanjira pomwepo, poti madzi ndikutunga pampope wathu. Kutsogolo kwa puloti, mbali ya kwa alamu, kuli malo a geti, ndipo geti lisanabwere pakhala potseguka. Azidutsa monga mwa masiku onse. Afunsa kuti pomaliza pakepo ndi liti. Ndati zimenezo amadziwa ndi mmisiri.

Aseka, mosafuna. Akuti ngati ili nkhani yochedwetsa ntchito ndiye mtima wawo uli m'malo, shelefu ya kukhitchini ndinailonjeza mwana wathu akadali kumsana, pano ali pabanja.

Dzina la ukapitawoli sindinawapatse pachabe.

Loweruka, 9 Ogasiti

Maziko atha. Pa kanjira piki imachita kunjanja, dothi lolimba kuposa konkire. Mapazi a anthu, zaka ndi zaka.

Tikubwera kuno kunali minda ndi tchire. Nyumba yathu, ya alamu, ya malemu opala matabwa, basi. Njira mbwee kulikonse. Wofuna kumsika ankangolunjika kumene kuli msika n'kumapita. Kenako mapuloti. Kenako mipanda. Njira ya kuseri kwa tchalitchi inapita. Ya pamtengo wa mango inapita. Ya kuchigayo inapita chaka cha mvula yambiri chija. Mipanda ina ndi ya manja anga omwewa, ndipo ndi yowongoka, palibe unagwapo. Aliyense ankatseka pake pokha, kamalo kochepa, ndani akanamuletsa? Lero tauni yafika mpaka kumapiri, koma msewu uliwonse watsopano umathera pakhoma la munthu. Polowera pomwepo, potulukira pomwepo, ngati thumba.

M'tauni yakale si choncho. Misewu yopingasana, ukaphonya uwu ulowa winawo, ukafikabe. Tili pachibwenzi ndinkawaperekeza a Kapitawo kuchokera kusitolo ya nsalu kumene ankagwira ntchito. Tsiku lililonse njira ina, ine kusankha yaitali. Ankadziwa. Ankangofunsa kuti kodi lero tidzera dziko liti. Achinyamata a masiku ano amaperekezana bwanji m'misewu yopanda mutu ngati iyi, kaya.

Odutsa lero: amayi a tomato, ometa tsitsi, a kwaya ndi mabuku awo. Ometa ati a mmisiri mwatitsekera m'khola, ndiye muzikumbuka kutiponyera chimanga. Ndaseka nawo. Mumtima ayi.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Ndayesa njira yozungulira ndekha, kuti ndione ndi maso anga. A Kapitawo ndawauza kuti ndikukaona za njerwa. Lamulungu! Angondiyang'ana.

Wapansi mpaka kumsewu waukulu, chitunda chonse chija. Kudikira. Minibasi yodzaza thothotho, chigongono cha munthu m'nthiti mwanga. Kudepoti kudikiranso kuti ina idzaze. Tikulowera tsidya linalo, pawindo ndaona bulugamu wa pakhomo panga, uyo apo, poti nditakuwa nkhuku zanga zikhoza kumva. Ndachoka dzuwa lisanatenthe, ndafika aneba awo atawadyetsa kale alamu chamasana. Ulendo umenewu m'mawa ndi madzulo? Ndi bondo lotupa? Ayi. Ngakhale kamodzi kokha.

Alamu asangalala. Pakamwa papindikira mbali imodzi koma nthabwala zikadalimo. Akuti mwamuna wanga wabwera, wathawa kamkazi kolongolola kaja. Ndawafunsanso zosamukira kwathu. Dzanja lamoyo lija lagwira chitsulo cha bedi zolimba. Tinayesapo mwezi wa Malichi, analira, anakana chakudya mpaka tinawabweza. Nyumba imeneyo anamanga ndi malemu amuna awo, pawindo amaona mtengo umene anabzala awiriwo. Sindinapitirize.

Pobwerera ndadzera pa kanjira. Kufika pakhomo thukuta lisanatuluke. A Kapitawo afunsa ngati njerwa ndazipeza bwino, ndipo ngati zikadali kunditcha mwamuna wawo.

Ndinaiwala kuti alamu ali ndi foni.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Khoma likukwera. Mpata ndausiya waukulu kuposa wa masiku onse, woti munthu wa dengu adutse osapendekeka. Pamaziko ndayala thabwa kuti asamachite kudumpha. Ndati ndi la wilibala. Iwo aliponda, alidumphira pang'ono kuliyesa, ati wilibala yake ili ndi mwayi.

Pochokera kwa alamu amaima. Manja kumbuyo, kuyendera khoma ngati munthu wa boma. Lero apeza njerwa imodzi yothyoka pakona, atatu odutsa akumva. Ndaichotsa. Inalidi yothyoka.

Masana galimoto ina yoyera yalowa msewu wathu, mwini wake maso pafoni. Yafika pamchenga wanga, yaima. Akufuna kuchipatala chaching'ono cha tsidya lija, foni ikuti njira ndi yomweyi. Ndawalozera denga lake, lija apo, kenako ndawafotokozera kozungulira. Ayesa ndikuwaseka. Kutembenuza galimoto pamsewu wopapatizawu, atsala pang'ono kundigwetsera khola. Sabata iliyonse amabwera otere.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Makoma atatu apitirira mutu. Lakumbuyo nalo, kupatula mpata wanga. Manja akuthamanga okha, chizolowezi. Ndikuchita kuwaletsa.

Mwana wathu waimba. Amakhala kutali kuja kumene kale tinkakagula makala, pano nyumba zokhazokha, msewu wolowera umodzi, m'mawa magalimoto ndondondo osasuntha. Tauni imodzi, koma timaonana ngati ali kunja kwa dziko. Akuti tipeze wantchito wosamalira amayi ake aakulu, iye azithandiza. Mtima wabwino mwanayu. A Kapitawo ayankha modekha, ndipo akadekha choncho ndiye kuti nkhani yatha: "Achemwali anandisambitsa ine amayi atamwalira. Sasambitsidwa ndi mlendo ine ndikupuma."

Ometa ndi anzawo anapita kukhonsolo. Awaonetsa mapu. Pamapu palibe njira pamenepo, sipanakhalepo njira. Nanga piki yanga inkanjanja pa chiyani?

Madzulo ndawapaka a Kapitawo mankhwala pabondo. Latupa ngati papaya. Akuti manja anga akukanda kuposa njerwa, koma mwendo sanachotse.

Loweruka, 16 Ogasiti

Mphepo. Fumbi m'maso, m'mano. Msana.

Adutsa m'mawa, adutsa madzulo. Kwa lero zakwana.

Lolemba, 18 Ogasiti

Zifukwa zikundithera. Ndinawauza a Nesi kuti simenti iyambe yagwira. Kenako kuti mchenga uwu ndi wamatope, tidikire wina. Mchenga wabwinobwino, Mulungu andikhululukire. Kenako kuti zipilala za geti ziyambe zatha. Pulasitala yoti ndikanamaliza kalekale ndikuisisita ngati ndikusambitsa khanda. Ine amene ndimanyoza amisiri achidodo! Ndikamva galimoto ikuima kutsogolo mtima umangoti phaa.

Kuchedwaku woluza ndine, malipiro ndi a ntchito yonse ikatha, osati a tsiku. Shuga watsala wa pansi pa botolo. A Kapitawo ayamba kumwa tiyi wopanda kanthu, akuti adokotala analetsa. Adokotala ake ati? Wanga akuthirabe.

Lachitatu, 20 Ogasiti

A Nesi si mwana. Abwera masana ndi yunifolomu yawo, aima pampata, auyeza ndi maso. Ati amayi a dengu aja akuwadziwa, amakumana nawo, ndipo akudziwa kuti ndi akunyumba kwanga. Ndavula chipewa. Ndapempha kakhomo kakang'ono kachitsulo, ndikawotcheretsa ndekha, kiyi mmodzi yekha. Ati anaganizapo kale zimenezo. Koma mawa adzagogoda ometa, mkuja amayi a tomato, kenako ana asukulu, ndipo adzakana bwanji atalola mmodzi?

Ndiye andiuza za nyumba ya lendi imene akuchokako. Akuba analowa iwo ali kuntchito, m'nyumba muli ana okhaokha. Anawo anawapeza m'mawa ali pansi pa bedi. Wamng'ono mpaka lero satuluka panja yekha, amagwira siketi ya amayi ake ngakhale popita kuchimbudzi. Anena zonsezi osakweza mawu. "Bambo, ndikungofuna ndizigwira ntchito mtima uli pansi."

Ndavala chipewa changa. Nanenso ndine kholo.

Loweruka geti likubwera, iwo akulowa m'nyumba tsiku lomwelo. Mpata utsekedwe Loweruka. Pochoka andisiyira bandeji ya bondo, akuti ndi ya amayi, azimanga m'mawa asanayambe kuyenda. Bola akanakhala munthu woipa, ndikanadziwa pokwiyira.

Ndawauza a Kapitawo. Angoti chabwino. Bandeji aiyesa, yawakwana.

Lachinayi, 21 Ogasiti

M'nyumba muno mukuchitika zinazake. Malaya anga onse achapidwa, asitidwa, ndi ogwirira ntchito omwe. Anasitapo ndani malaya omangira? Mabatani asokedwa. Masana andiitanira kukhitchini kuti ndione mmene amathirira madzi mumpunga. Ndati ine ndili ndi mkazi. Ati onani basi. Andionetsa pamene pamakhala mchere, machesi, mankhwala a nkhuku. Nyumba ndinamanga ndine, koma lero ndayendetsedwamo ngati mlendo.

Sindinafunse. Ndikuopa yankho.

Lachisanu, 22 Ogasiti

Anena. Tikudya, maso ali m'mbale. Akakhala kwa alamu. Mpaka liti? Mpaka pamene Mulungu adzanene. Ine ndizibwera Lamulungu, ndi pakati pa sabata ntchito ikalola.

Ndapsa mtima. Ndati nanga ine, ndine mpando kodi woti mungousiya pakona? Ndati ndiye tipitira limodzi. Ati kwa alamu chipinda n'chimodzi, ndikagona pati, ndipo nyumba ino ikakhala yopanda munthu tidzapeza atazula ndi mafelemu omwe. Zoona zokhazokha. Chimanditopetsa mwa mayi amenewa n'chimenechi, salakwitsa pa nthawi imene ine ndikufuna alakwitse.

Ndati ntchitoyo ndaisiya, akatseke wina. Apa ndiye adzutsa maso. "Khoma limenelo ndiziliona tsiku ndi tsiku. Likhale lanu, osati lokhota la munthu wina."

Chikwatirane sitinagonepo nyumba zosiyana, kupatula pamene anakachira kuchipatala. Ndipo apo ndinagona pabenchi panja, alonda kundithamangitsa ine osachoka.

Ndimawakonda mayi amenewa. Ndalemba muno poti pakamwa pangotuluka za machesi ndi nkhuku.

Loweruka, 23 Ogasiti

Katundu pa wilibala. Chikwama, bulangete, kawailesi, kampando koikapo mwendo. Ndakankha ndine, kudutsa pampata, kudutsa pabwalo la a Nesi, mpaka kwa alamu. Alamu atationa alira. Kenako ati mkazi mnzanga wabwera kudzandilanda bedi. Ndimayesa a Kapitawo atsala komweko. Ayi, anditsatira. Akuti ntchito yopanda kapitawo imapendama.

Njerwa zinali mkati mwa puloti. Ine ndaima kunja, mbali ya msewu wathu, iwo mkati. Ndachotsa thabwa. Ndisanalankhule ayamba kuviika njerwa m'ndowa n'kumandipatsira, imodziimodzi. Palibe anawapempha. Owotcherera geti phokoso kutsogolo.

Mzere uliwonse a Kapitawo ndemanga. Simenti yachuluka. Iyo yatulutsa mimba. Levulo mwaiika kuti. Khoma m'mawondo, khoma m'chiuno. Amayi a tomato afika ndi beseni lawo, aima, atiyang'ana, abwerera. Sindinachedwetse, sindinathamange. Ndamanga mmene ndimamangira.

A Kapitawo ndi afupi. Ine khoma lili pachifuwa, iwo atsala maso ndi mpango. Mzere wina, mpango wokha. Mzere wina, palibe. Ndakwera pamgolo kuti ndimalize pamwamba. Ndikanatha kusuzumira. Sindinasuzumire, maso anga sanali oti munthu awaone. Ndimangoona dzanja likutulukira pamwamba pa khoma, njerwa ikudontha madzi, kamphete kopyapyala kaja.

Njerwa yomaliza sanaisiye msanga. Ine kukoka, iwo kugwira. Kanthawi ndithu. Kenako asiya.

Kuseri afunsa ngati lawongoka. Ndati lawongoka. "Nkhuku muzitsekera kusanade. Ndapita." Ndamvetsera mapazi, lina lolemera lina lopepuka, mpaka phokoso la owotcherera lawameza.

Ndatsuka mpeni, fosholo, wilibala. Ndatsuka nthawi yaitali.

Lamulungu, 24 Ogasiti

Ndawiritsa madzi a tiyi a anthu awiri. Mpunga wa dzulo unapserera pansi, pamwamba wosapsa. Nkhuku zadya.

M'mawa miyendo yanditengera kukhoma yokha. Simenti ikadali yaiwisi, yakuda. Mmisiri aliyense amadziwa kuti tsiku loyamba, phewa limodzi lamphamvu, njerwa zonse zatsopano pansi. Ndaika dzanja pamenepo. Kuzizira. Ndaima choncho, ndipo ndisaname, ndinaganiza.

Kuseri kamwana ka a Nesi, kakang'ono kaja. Kali panja kokha, kakuimba nyimbo yopanda mutu, kakuthamanga. Kafika pakhoma, kamenya ndi manja onse, kabwerera, kabweranso. Kumenya kwakeko ndakumva m'dzanja langa.

Ndapita kukatunga madzi. Ndathirira khoma lonse kuti simenti igwire bwino.

A Kapitawo aimba. Alamu agona bwino. Iwo ayi, akuti kunalibe woliza mkonono, tulo tinasowa poyambira. Ndati ndikubwera. Ati ndi kutali, a Simenti. Ndati ndikudziwa, ndinamanga ndine.

Minibasi za Lamulungu zimachedwa kudzaza. Ndinyamuke.